Chikondi cha pa Kanema ndi Chibwenzi Chenicheni ku South Korea

M'chaka cha 2023 chiwerengero cha ana amene mkazi mmodzi wa ku South Korea amayembekezeka kubereka pa moyo wake wonse chinatsika kufika pa 0.72, chomwe chinali chotsikitsitsa pakati pa mayiko onse a m'bungwe la OECD, lomwe mamembala ake ambiri ndi mayiko otukuka pa chuma. M'chaka chomwecho kampani ya Netflix inalengeza kuti iika ndalama zokwana madola 2.5 biliyoni a ku America pa mafilimu ndi masewero a ku Korea m'zaka zinayi zotsatira, ndipo aliyense amene amatsatira masewerowa akudziwa kuti chomwe chimakoka oonera ambiri a m'mayiko ena ndi nkhani za mnyamata ndi mtsikana amene akuyamba kukondana. Dziko lomwe latchuka ndi luso losimba za chikondi ndi lomwelo limene achinyamata ake akuchedwa kulowa m'banja, ndipo ena sakulifuna n'komwe. Zinthu ziwirizi zimaoneka ngati zikutsutsana, koma muzu wake ndi umodzi. Masewerowa amanena zoona pa kachitidwe ka chibwenzi cha ku Korea, pa ndondomeko yake, pa kalankhulidwe kake ndi pa miyambo yake, koma kwa zaka zambiri akhala akubisa mtengo wake, chonsecho mtengowo ndi umene ukubweza m'mbuyo achinyamata ambiri.

Masewero a chikondi cha achinyamata, monga mmene tikuwadziwira lero, si akale kwenikweni. Mpaka m'zaka za m'ma 1980 wailesi za kanema za KBS ndi MBC zinkaonetsa kwambiri nkhani za m'banja ndi za mbiri yakale, ndipo chikondi cha ana chinkabwera ngati vuto loti makolo athane nalo. Zinthu zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene wailesi ya SBS inayamba kuulutsa mu 1991 n'kubweretsa mpikisano, komanso pamene achinyamata a mumzinda wa Seoul anayamba kukhala ndi ndalama zawozawo zogulira zovala ndi kudyera m'malesitilanti. Sewero la Jealousy, lomwe MBC inaonetsa mu 1992, ndi limene ambiri amati linatsegula njira, chifukwa linkatsata anthu awiri amene anali mabwenzi wamba kwa nthawi yaitali asanazindikire kuti amakondana, ndipo linaika mzinda, magalimoto, masitolo ndi nyimbo zamakono pakati penipeni pa nkhani.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 chikondi cha pa kanema chinali cha misozi. Okondana ankalekanitsidwa ndi ngozi ya galimoto, matenda, kuiwala zakale chifukwa chovulala m'mutu, kapena chinsinsi chokhudza bambo weniweni wa mmodzi wa iwo. Winter Sonata, sewero la KBS la mu 2002, linali ndi pafupifupi zonsezi, ndipo wailesi ya NHK italionetsa ku Japan mu 2003 ndi 2004, amayi achikulire a kumeneko analikonda kwambiri mwakuti chilumba cha Nami, komwe mbali zina zinajambulidwa, chinadzaza ndi alendo. Kuyambira nthawi imeneyo boma ndi makampani a ku Korea anatsimikiza kuti nkhani za chikondi ndi katundu wotha kugulitsidwa kunja monga magalimoto ndi mafoni. Mu 2005 kunabwera My Lovely Sam Soon, nkhani ya mkazi wodziwa kuphika makeke amene abale ndi anzake ankamuona ngati mbeta yotsalira chifukwa chofika zaka 30 asanakwatiwe, ndipo gawo lake lomaliza linaoneredwa ndi pafupifupi theka la mabanja okhala ndi kanema m'dzikolo. N'zochititsa chidwi kuti lero zaka 30 sizikufika n'komwe pa msinkhu umene mkazi wamba wa ku Korea amakwatiwira koyamba.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake okondana a m'masewerowa amachedwa ngakhale kugwirana dzanja kumene, ayenera kuyang'ana kaye kapangidwe ka malonda ake. Sewero la chikondi lozolowereka limakhala ndi zigawo 16, chilichonse cha ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo zimaulutsidwa ziwiri pa sabata kwa miyezi iwiri, kenako nkhani yatha popanda kudikira chaka china. Mlembi amakhala ndi maola onsewa oti awadzaze ndi funso limodzi lokha, loti awiriwa adzakhala limodzi kapena ayi, pomwe yankho lake woonera aliyense amakhala atalidziwa kale kuchokera pa chithunzi chotsatsira sewerolo. Choncho luso lonse lagona pa kuchedwetsa. Zigawo zoyambirira zimatha awiriwa akudana kapena akunyozana, kupsompsonana koyamba kumabwera kawirikawiri cha pakatikati, kulekana kumatsatira nkhani ikayandikira kumapeto, ndipo kubwererana kumasungidwira gawo lomaliza. Kwa zaka zambiri masewero ankajambulidwa kwinaku akuulutsidwa, nthawi zina gawo n'kumalizidwa patangotsala maola ochepa kuti lionetsedwe, zomwe zinkapatsa alembi mwayi womva maganizo a oonera n'kukometsa mbali zomwe anthu azikonda.

Palinso malamulo. Wailesi zikuluzikulu zimaoneredwa ndi banja lonse madzulo, masewero ambiri a chikondi amapatsidwa chizindikiro choti ndi oyenera a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo pali bungwe loyang'anira zoulutsidwa lomwe lingathe kudzudzula kapena kulanga wailesi imene yapyola malire. Popeza thupi silingaonetsedwe kwambiri, chilakolako chimasamutsidwira pa zinthu zazing'ono: mnyamata kupendeketsa ambulera kuti mtsikana asanyowe pamene phewa lake likuvumbwa, kugwada n'kumumanga chingwe cha nsapato, kumubereka kumsana atamwa mowa wa soju mopitiriza, kapena kumuikira kachidutswa ka ndiwo pamwamba pa mpunga wake. Chimene chinayamba ngati chopinga chinasanduka chizindikiro cha masewerowa, ndipo ndicho chifukwa chimodzi chomwe amalandiridwira m'mayiko ambiri a ku Asia, ku Middle East ndi ku Africa, komwe anthu amafuna sewero loti angathe kuonera makolo ali pomwepo popanda wina kusowa koyang'ana.

Ndalama zopangira masewerowa zimaumbanso maonekedwe a chibwenzi. Kuyambira mu 2010 malamulo a ku Korea amalola makampani kulipira kuti katundu wawo aoneke mkati mwa sewero, ndipo ichi ndi chifukwa chake okondana amakumana mobwerezabwereza m'malo omwera khofi a kampani imodzimodzi, amadya masangweji a ku Subway ngakhale mmodzi wa iwo ali mwini wa kampani yaikulu, ndipo mtsikana amadzola mafuta ena ake kamera ili pankhope pake. Oonera a ku Korea amaziseka zimenezi, koma zotsatira zake si zoseketsa kwenikweni, chifukwa chibwenzi chimaoneka ngati mndandanda wa malo oti mupiteko ndi zinthu zoti mugule. Alembi ambiri otchuka a masewero a chikondi ndi akazi, monga Kim Eun-sook ndi Park Ji-eun, ndipo oonera ambiri ndi akazinso, kotero mwamuna amene amaoneka pa kanema ndi amene akazi akumulakalaka, osati amene amakumana naye mu sitima ya pansi pa nthaka m'mawa uliwonse.

Pali mbali ina yomwe mawu omasulira olembedwa m'munsi mwa kanema amaitaya pafupifupi yonse, chonsecho ndi imene imanyamula nkhani ya chikondi. Chikoreya chili ndi kalankhulidwe ka ulemu, kotchedwa jondaenmal, ndi kalankhulidwe ka anthu ozolowerana, kotchedwa banmal, ndipo kusiyana kwake kumamveka kumapeto kwa chiganizo chilichonse. Wolankhula Chichewa sangavutike kumvetsa zimenezi, chifukwa nafenso timadziwa kulemera kwa tsiku limene munthu amene wakhala akunena kuti "inu" wayamba kunena kuti "iwe". Anthu a ku Korea akangokumana amafunsana msanga chaka chobadwa, osati chifukwa cha chidwi chabe, koma kuti adziwe kalankhulidwe koyenera. M'sewero mtsikana angathe kuyamba ndi kuitana mnyamata ndi udindo wake wa kuntchito, kenako ndi dzina lake lotsatiridwa ndi mawu aulemu akuti ssi, ndipo pambuyo pake n'kumuti oppa, dzina lomwe mtsikana amaitanira mlongo wake wamkulu koma limagwiranso ntchito kwa chibwenzi chomuposa zaka. Woonera wa ku Seoul amakhala atamva kale kuti zinthu zasintha pakati pa awiriwa zigawo zingapo asanagwirane dzanja, pomwe wodalira mawu omasulira amangoona ngati palibe chikuchitika.

Pa ndondomeko ya chibwenzi, masewerowa sapita kutali ndi moyo weniweni. Njira yodziwika kwambiri yopezera bwenzi ndi sogaeting, pomwe mnzako kapena wogwira naye ntchito amakulumikiza ndi munthu amene akumudziwa, awirinu n'kupatsana manambala a foni n'kukakumana pa malo odyera kapena omwera khofi. Ophunzira a ku yunivesite amachitanso zokumana m'magulu, anyamata atatu kapena anayi ndi atsikana a chiwerengero chomwecho, pomwe anthu amene afika msinkhu wa banja amatha kupita ku matseon, kukumana kokonzedwa ndi makolo kapena munthu wapakati ndi cholinga cha ukwati basi. Sewero la Business Proposal la mu 2022 linamangidwa pa mwambo womalizawu: mtsikana amapita kukakumana ndi mwamuna m'malo mwa mnzake wolemera kuti akamukhumudwitse dala, osadziwa kuti mwamunayo ndi mkulu wa kampani imene iye amagwirako ntchito. Chomwe chili pansi pa miyambo yonseyi ndi chikhulupiriro chakuti munthu wabwino ndi amene wina womudziwa wamuikira umboni, n'chifukwa chake mapulogalamu a pa foni opezera zibwenzi, ngakhale alipo ndipo akugwiritsidwa ntchito, anthu ambiri amawakayikirabe.

Anthu awiri akagwirizana amalowa m'nyengo yotchedwa sseom, pomwe amalemberana mauthenga tsiku ndi tsiku, amayendera limodzi, koma palibe amene angatchule mnzake kuti bwenzi lake. Nyengoyi imatha ndi gobaek, kuulula chikondi momveka bwino, ndipo winayo akavomera, tsiku limenelo limatchedwa tsiku loyamba. Kuchokera pamenepo amawerenga masiku, ndipo tsiku la 100 limakondwereredwa ndi mphatso, chakudya chapadera, nthawi zina ndi mphete zofanana zomwe sizitanthauza kutomerana. Ena amavala malaya kapena nsapato zofanana kuti aliyense mumsewu adziwe. Kalendala nayo yadzaza: pa 14 February akazi ndi amene amapereka chokoleti, pa 14 March amuna amabwezera, pa 14 April osakhala pa chibwenzi amadya jajangmyeon, chakudya cha msuzi wakuda, podziseka okha, pa 11 November anthu amapatsana mabisiketi aatali a Pepero, ndipo Khirisimasi kwa achinyamata ambiri ndi tsiku la okondana kuposa la banja. Pa pulogalamu ya KakaoTalk, yomwe pafupifupi aliyense m'dzikolo amagwiritsa ntchito, pambali pa uthenga pamakhala nambala 1 yomwe imazimiririka wolandira akauwerenga, ndipo alembi a masewero apanga zochitika zathunthu kuchokera pa munthu amene akuyang'anitsitsa kanambala kameneka usiku.

Pamene masewerowa amayamba kupatuka ndi pa funso la mmene anthu amapezerana. M'moyo weniweni chibwenzi chimayamba ndi kuyerekezera zaka, sukulu, ntchito ndi dera lomwe munthu amakhala, koma pa kanema chimayamba ndi ngozi kapena mwayi, ndipo chakumapeto zimadziwika kuti awiriwa anakumanapo ali ana, mwina mmodzi anapulumutsa mnzake kapena anakumana ndi tsoka limodzi. Kabwerezedwe kameneka kamatopetsa, ndipo oonera ambiri amakadandaula, koma kali ndi ntchito yake. Kamagwirizana ndi ganizo lakale la inyeon, lochokera ku chipembedzo cha Chibuda, loti kukumana kwa anthu kumakhala ndi mizu yakutali, ndiponso kamamasula ampangankhani ku mlandu wosankha mwa masamu. Ngati mtsikana wosauka wakondana ndi mwana wa mpondamatiki chifukwa zinalembedwa kale, palibe amene angamunene kuti watsata chuma.

Mwana wa mpondamatikiyo si munthu wongopeka. Chuma cha South Korea chili m'manja mwa makampani akuluakulu a mabanja otchedwa chaebol, monga Samsung, Hyundai, SK ndi LG, omwe utsogoleri wake umadutsa kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana. Cha m'ma 2015 achinyamata anayamba kudzigawa potengera sipuni imene munthu anabadwa nayo, ya golide, ya siliva kapena ya dothi, pofuna kunena kuti khama silikufikitsanso munthu pamene chuma cha makolo chimamufikitsa. Masewero monga Boys Over Flowers la mu 2009 ndi The Heirs la mu 2013 amatenga mkwiyo umenewu n'kuusandutsa loto, pomwe khoma la pakati pa olemera ndi osauka limagwetsedwa ndi mtima wa munthu mmodzi. Mayi wa mnyamata amene amaitana mtsikana ku malo omwera khofi n'kumukankhira envelopu ya ndalama kuti asiye mwana wake wakhala chinthu choseketsa chifukwa chobwerezedwa, koma mphamvu ya makolo pa ukwati ndi yeniyeni. Ukwati usanachitike mabanja awiri amakumana pa chakudya chapadera chotchedwa sanggyeonnye, ndipo makampani olumikiza ofuna banja, monga Duo, amafunsa zikalata za maphunziro, za ntchito ndi za banja asanamulembe munthu m'kaundula wawo.

Mphamvu ya makolo imeneyi imachokera makamaka pa nyumba. Mwamwambo mwamuna ndi banja lake ndi amene amayembekezeka kupeza nyumba, pomwe mkazi ndi banja lake amagula zam'kati mwake. Ku Korea kuli njira yachilendo yochitira lendi yotchedwa jeonse, pomwe wolowa m'nyumba sapereka ndalama mwezi ndi mwezi koma amasiya kwa mwini nyumba ndalama yaikulu ya chikole, nthawi zambiri yoposa theka la mtengo wa nyumbayo, yomwe amadzabwezeredwa akamatuluka. Mumzinda wa Seoul ndi madera ozungulira, komwe kumakhala pafupifupi theka la anthu onse a m'dzikolo, ndalama imeneyi mnyamata wa zaka 30 sangaipeze popanda ngongole ya ku banki kapena thandizo la makolo, ndipo kholo limene lapereka ndalama limayembekezera kumvedwa pa nkhani ya mkamwini kapena mtengwa. Masewero akale ankathetsa vutoli mosavuta mwa kumupatsa mnyamata nyumba yapamwamba kuyambira gawo loyamba, kapena kukometsera kachipinda ka padenga komwe mtsikana wosauka amakhala, kuti kaoneke ngati malo okongola oonerapo nyali za mumzinda m'malo mwa malo otentha m'chilimwe ndi ozizira m'chisanu.

Chinanso chomwe kanema amachifupikitsa ndi nthawi. Wachinyamata wa ku Korea amathera zaka za ku sekondale pokonzekera mayeso olowera ku yunivesite otchedwa Suneung, omwe amalembedwa tsiku limodzi mu November, ndipo madzulo ambiri amakhala ku sukulu zolipira zowonjezera maphunziro. Mnyamata aliyense wathanzi amayenera kukagwira ntchito ya usilikali, yomwe kwa asilikali a pamtunda imatenga miyezi 18, ndipo zibwenzi zambiri za ku yunivesite zimathera pa nyengo imeneyi. Akamaliza sukulu, ambiri amathanso chaka kapena zaka akukonzekera mayeso olowera ntchito m'boma kapena m'makampani akuluakulu, ndipo akaipeza ntchitoyo amapeza kuti lamulo la mu 2018 lomwe linatsitsa malire a maola a ntchito linawatsitsa kuchokera pa 68 kufika pa 52 pa sabata. Mu 2011 nyuzipepala ya Kyunghyang Shinmun inatchula achinyamatawa kuti m'badwo wa sampo, kutanthauza amene asiya zinthu zitatu, chibwenzi, ukwati ndi kubereka. Ziwerengero zikugwirizana ndi dzinalo. Mu 1996 m'dzikolo munachitika maukwati oposa 430,000, pomwe mu 2022 sanakwane 200,000, ndipo mu 2023 mwamuna wamba ankakwatira koyamba ali ndi zaka 34, mkazi ali ndi zaka pakati pa 31 ndi 32. Popeza ana obadwa kunja kwa banja sanakwane 5 peresenti m'chaka chimenecho, kuchepa kwa maukwati kumatanthauza kuchepa kwa ana nthawi yomweyo.

Koma ndalama ndi nthawi sizifotokoza zonse, chifukwa pali kusamvana kwakukulu pakati pa anyamata ndi atsikana enieniwo. Kusiyana kwa malipiro a amuna ndi akazi ku South Korea ndi kwakukulu kuposa dziko lina lililonse la m'bungwe la OECD, pafupifupi 30 peresenti, ndipo akazi ambiri amaona kuti ukwati umatanthauza kusiya ntchito, kusamalira ana okha ndi kukaphikira kwa apongozi pa masiku a zikondwerero. Kuphedwa kwa mtsikana pafupi ndi siteshoni ya Gangnam mumzinda wa Seoul mu 2016, ziwonetsero za mu 2018 zotsutsa makamera obisika m'zimbudzi ndi m'zipinda, ndiponso gulu laling'ono koma lomveka la 4B, lomwe limakana chibwenzi, kugonana ndi amuna, ukwati ndi kubereka, zinaonetsa kukula kwa mkwiyo wa akazi. Anyamata ambiri nawo amaona kuti ndi iwo amene akuponderezedwa, potchula usilikali ndi mtolo wa nyumba, ndipo pa zisankho za posachedwapa anyamata ndi atsikana a zaka za m'ma 20 akhala akuvotera mbali zosiyana.

Kusintha kumeneku kunafika pa kanema. M'masewero a zaka za m'ma 2000, zinali zozolowereka kuona mnyamata akugwira mtsikana pamkono n'kumukoka mwamphamvu, kumupanikiza kukhoma, kumupsompsona iye akukana, kapena kumudikirira pakhomo pake atamuuza kale kuti sakumufuna, zonsezi nyimbo yokoma ikulira. Mu 2016 nthambi ya ku Korea ya Amnesty International, mogwirizana ndi magazini ina ya pa intaneti, inatulutsa mndandanda wa machitidwe otere n'kuwatchula kuti nkhanza, ndipo mu 2021 dzikolo linakhazikitsa lamulo lapadera lolanga mchitidwe wolondalonda munthu. Machitidwewa sanatheretu, koma mnyamata amene amatamandidwa m'masewero a masiku ano ndi wofatsa, womvetsera, wopempha chilolezo ndiponso wodziwa kuphika. Apa pali chinthu choyenera kuchiganizira: pamene mwamuna wa pa kanema akumka nakoma, mtunda wa pakati pa iye ndi zomwe atsikana ambiri amanena za amuna owazungulira ukumka nukula, ndipo n'kutheka kuti kufatsa kwakeko ndi dandaulo lobisika kuposa chithunzi cha moyo.

Masewero abwino kwambiri a zaka khumi zapitazi, m'kuona kwanga, ndi amene analeka kubisa mtengo uja, ndipo ambiri anachokera ku wailesi zolipira monga tvN ndi JTBC, zomwe zili ndi ufulu wochulukirapo. Because This Is My First Life, la mu 2017, limasimba za mwamuna amene malipiro ake akuthera pa ngongole ya nyumba ndi mkazi wa zaka 30 amene alibe pokhala, ndipo amakwatirana pa mgwirizano wolembedwa kuti wina apeze lendi, wina apeze chipinda. Ukwati wabodza si wachilendo m'masewero a ku Korea, koma kuno chifukwa chake ndi nyumba, ndipo nkhaniyo imafika mpaka pofunsa chifukwa chomwe mtengwa amayenera kugwira ntchito kwa apongozi pomwe mkamwini sayembekezeka kuchita chimodzimodzi. Something in the Rain, la mu 2018, limaika mkazi wa zaka za m'ma 30 pakati pa chikondi ndi mnyamata womuchepera, mayi ake amene akunyoza banja la mnyamatayo, ndi mabwana amene amazunza akazi kuntchito. Twenty-Five Twenty-One, la mu 2022, limayambira mu 1998, pamene mavuto a zachuma a ku Asia anagwetsa mabanja ambiri, ndipo limatha okondanawo atasiyana, osati chifukwa cha mayi woipa kapena matenda, koma chifukwa ntchito ndi mtunda zinawalefula. Oonera ambiri anakwiya ndi mathero amenewa, zomwe zikusonyeza kuti anthu amafuna zoona mkati mwa nkhani koma osati pa gawo lomaliza.

Kubwera kwa makampani oonetsa kanema pa intaneti kwamasula zina. Masewero ena tsopano ali ndi zigawo 12 kapena 8, amaonetsa okondana akugonana asanatchulane kuti ndi zibwenzi, monga mu Nevertheless la mu 2021, ndipo nkhani zambiri zikutengedwa ku nthano zojambula za pa foni zotchedwa webtoon, zomwe owerenga ake ndi achinyamata. Nkhani za chikondi cha amuna okhaokha zapezanso malo pa intaneti, ngakhale kuti malamulo a dzikolo savomereza ukwati wotere ndipo wailesi zikuluzikulu zimaizemba nkhaniyi. Pambali pa masewero pakulanso mapulogalamu oonetsa anthu enieni akufunafuna chibwenzi, monga Heart Signal lomwe linayamba mu 2017, ndi I Am Solo, Transit Love ndi Single's Inferno omwe anayamba mu 2021. Mu I Am Solo, otenga nawo mbali amaulula zaka, ntchito ndi kokhala patapita nthawi pang'ono, ndipo woonera amaona ndi maso ake mmene chidwi chimasamukira kuchoka kwa munthu wina kupita kwa wina zikangodziwika zimenezi, chomwe ndi chinthu chenicheni chimene sewero lopeka limayesetsa kuchibisa.

Boma ndi mabungwe nawo alowererapo. Mzinda wa Seongnam unayamba mu 2023 kukonza zokumana za anyamata ndi atsikana osakwatira pogwiritsa ntchito ndalama za boma, ndipo bungwe lina la gulu la Abuda la Jogye limaitana achinyamata kukagona ku kachisi kuti adziwane, potengera kachitidwe ka mapulogalamu a pa kanema aja. Otsutsa amati achinyamata sakusowa pokumanirana koma nyumba, ntchito yokhazikika ndi chitsimikizo chakuti mkazi akabereka adzabwerera pa mpando wake wa kuntchito. Mu 2024 maukwati anakwera kufika pafupifupi 222,000 ndipo chiwerengero cha kubereka chinakwera pang'ono kufika pa 0.75, koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi. Akatswiri a za chiwerengero cha anthu anafotokoza kukweraku potchula maukwati amene anaimitsidwa m'nthawi ya Covid-19 ndiponso kuchuluka kwa anthu obadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, omwe tsopano afika zaka za m'ma 30, ndipo m'badwo wobwera pambuyo pawo ndi wocheperapo.